Khasu Lobwereka

Pali mwambo wina umene wamera mizu m'sukulu zathu za sekondale zoyendera, ndipo ine ndikufuna kuutsutsa poyera. Mwambowu ndi wakuti pakangofika mzungu wongodzipereka pasukulu, mphunzitsi wamkulu amathamangira kukonzanso ndandanda wa maphunziro n'kumupatsa mlendoyo phunziro la Chingerezi m'makalasi olemba mayeso. Safunsidwa ngati anaphunzirapo uphunzitsi, kapena ngati anaonapo pepala la mayeso a MANEB. Khungu lake ndi lilime lake zimasanduka satifiketi. Ndaphunzitsa Chingerezi ndi Chichewa m'boma la Mchinji kwa zaka zambiri, ndagwira ntchito limodzi ndi alendo otere angapo, ndipo ena ndinadya nawo nsima m'mbale imodzi. Choncho zimene ndikulemba pano si za m'maluwa.

Ndisanapitirire, wina asandinamizire kuti ndimadana ndi alendo. Makolo athu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ananena zoona. Koma makolo omwewo anatinso mlendo ndi mame. Miyambi iwiriyi imayendera limodzi. Ife tinasunga woyambawo pamtima, wachiwiriwu tinautaya kudzala.

Nkhaniyi si ya dzulo. Bungwe la Peace Corps, limene Pulezidenti John F. Kennedy anayambitsa mu 1961, linatumiza anthu ake oyamba kuno mu 1963, dziko lino likadali Nyasaland. Nthawi imeneyo panali chifukwa chomveka. Amalawi ofika ku yunivesite anali owerengeka, yunivesite yathu inali isanatsegulidwe, ndipo sukulu za sekondale zimene zinkamangidwa zinalibe owima kutsogolo. Anyamata ndi atsikana a ku America, a ku Britain kudzera ku VSO, kenako a ku Japan kuyambira 1971, anatseka mpata weniweni. Mmodzi wa iwo anali Paul Theroux, amene anaphunzitsa pa Soche Hill mpaka pamene boma la Kamuzu linamuthamangitsa mu 1965 pomuganizira kuti akuthandiza otsutsa. Munthu yemweyu anasanduka mlembi wotchuka, ndipo mu 2005 analemba m'nyuzipepala ya The New York Times modandaula kuti patapita zaka makumi anayi Malawi anali kudalirabe aphunzitsi akunja mmalo mosunga ake. Papitanso zaka zina makumi awiri chilembereni zimenezo. Kodi mpata umene unatsekedwa mongoyembekezera mu 1963 ukadali womwewo? Domasi, Nalikule, Chancellor ndi Mzuzu akutulutsa aphunzitsi chaka ndi chaka, ndipo ena a iwo ali pakhomo ndi mapepala awo, akugulitsa mayunitsi ndi kaunjika poyembekeza kulembedwa ntchito.

Matenda athu ndi akale ndipo anachokera kumwamba. Pamene Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, mwini wake sanafune Mmalawi kuti aphunzitse ana osankhidwawo. Anaitanitsa azungu, ana naphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Uthenga unamveka dziko lonse: mwana wanzeru amayenera mphunzitsi woyera. Kamuzu anapita, koma maganizo ajawo anatsalira m'maofesi a aphunzitsi aakulu, ngakhale pasukulu ya kumudzi yopanda mazenera.

Tiyeni tilowe m'kalasi, pakuti ndi mmene nkhani yagona. Kulankhula chiyankhulo ndi kuchiphunzitsa ndi ntchito ziwiri zosiyana. Agogo anga ankalankhula Chichewa chokoma kuposa changa, koma mukanawafunsa chifukwa chimene timati chimanga chacha koma nyemba zapsa, akanangokuuzani kuti ndi mmene timanenera. Mnyamata wa ku Ohio kapena ku Manchester alinso chimodzimodzi ndi Chingerezi chake. Anachiyamwa, sanachiphunzire. Mwana wa ku Mkanda kapena ku Kapiri akasokoneza he ndi she, mlendo amadabwa, osadziwa kuti m'Chichewa iye ndi iye basi, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Mwana akasiya a ndi the, mlendo amangothira cholembera chofiira, osadziwa kuti timawu timeneti kwathu kulibe ndipo mwanayo ayenera kumangiridwa kanyumba katsopano m'mutu. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, n'chifukwa chake khutu la mwana wathu limamva ship ndi sheep ngati mawu amodzi. L ndi r kwa ife ndi mapasa. Liwu limodzi loti ndinakamuona limafuna mawu asanu kapena asanu ndi limodzi m'Chingerezi, ndipo mwana ayenera kuphunzira kumasula mtolo umene chiyankhulo chake chinamanga pamodzi. Zonsezi amazidziwa ndi munthu amene anadutsa njira yomweyo, minga nimubaya pamalo omwewo. Munthu ameneyo ndi mphunzitsi wa Chimalawi amene walandidwa kalasi lija.

Onjezerani apo kalankhulidwe kam'mphuno kamene ana amatha teremu yathunthu asanakazolowere, akungoti yes madam pomwe sanamve kanthu. Onjezeraninso kalembedwe ka ku America ka mawu monga color pomwe mabuku athu amatsata ka ku Britain. Ndiye kumbukirani kuti pa mayeso a MSCE mwana akalephera Chingerezi sapata satifiketi, ngakhale atakhoza bwino masamu, sayansi ndi ulimi. Phunziro limene lili ngati chipata cha moyo wonse wa mwana ndi limene timalipereka kwa munthu woyeserera. Kodi pali mlimi wa fodya ku Mchinji kuno amene angapereke nazale yake kwa mlendo wofika dzulo, chifukwa choti kwawo kwa mlendoyo ndi kumene amapangira ndudu?

Chinthu china chimandiseketsa ndi chisoni chomwe. Mlendo akati muli bwanji, ngakhale mopotoza, amayi amalulutira ndipo amfumu amaombera m'manja. Pasukulu pomwepo mwana wogwidwa akulankhula Chichewa amapatsidwa chikwanje kuti akatchetche bwalo. Chiyankhulo chimodzimodzi, m'kamwa mwa mzungu ndi ulemu, m'kamwa mwa mwini wake ndi mlandu. Ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ngati kuti mwana amathamanga bwino mukamuthyola mwendo umene amayendera. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tsopano tione moyo wa tsiku ndi tsiku wa mlendo wathuyu. Asanafike, komiti ya sukulu imasonkhanitsa makolo. Nyumba yabwino kuposa zonse imasesedwa, imapakidwa laimu, denga limamatidwa podontha, mazenera amaikidwa zitsulo, chimbudzi chatsopano chimakumbidwa. Zonsezi zimatheka m'milungu iwiri. Mphunzitsi wina wa ana anayi amene wakhala akupempha nyumba yomweyo kwa zaka zisanu akupitiriza kuchita lendi pamsika, n'kumapalasa njinga m'matope a Januwale. Ndiye kuti simenti inalipo, mphamvu zinalipo. Chimene chinkasowa ndi munthu womuyenera.

Mlendo akayamba kukhala, chilichonse chimene achita chimasanduka nkhani. Wapita yekha kumjigo ndi chigubu, mudzi wonse wamva. Wakoleza mbaula, wapalasa njinga kupita kuchigayo, wadya nsima ya chigwada ndi manja, wasamba madzi a m'ndowa. Zithunzi zimapita pa Facebook, abale ake kwawo namutama kuti ndi ngwazi yopirira. Sindikunyoza, chifukwa kusiya kwanu n'kukakhala pakati pa anthu osawadziwa, ana akukutsata ndi kukuwa kuti azungu, si chinthu chapafupi. Ndawaonapo ena akulira m'nyumba chifukwa chosungulumwa. Koma tinene chilungamo. Chimene kwa iye ndi kudzipereka kwa zaka ziwiri, kwa mphunzitsi mnzake ndi moyo wa zaka makumi atatu, ndipo palibe amamujambula. Malungo akamugwira mlendo, galimoto imachokera ku Lilongwe kudzamutenga. Akamugwira mnzakeyo, ndi kabaza mpaka kuchipatala chaching'ono, kumene mwina akamuuza kuti akagule yekha mankhwala. Umphawi umene uli ndi tikiti yobwererera m'thumba ndi wina, umphawi wopanda khomo lotulukira ndi winanso.

Koma pamene kusiyana kumaonekera bwino ndi Lachisanu. Belu lomaliza lisanalire, chikwama chili kale kumsana, munthu waima pa Kamwendo kapena pa Waliranji kudikira minibasi. Aliyense ali ndi ufulu wopuma, ndipo sindikuti mlendo amangiriridwe pamtengo wa mbendera. Koma tiyeni tiwerenge mtunda. Kuchoka pa Mchinji boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita 110 pamsewu wa M12. Kuchoka ku Lilongwe kukafika kunyanja ku Senga Bay ndi makilomita ena oposa 100. Cape Maclear ndi Nkhata Bay ndiye kutali zedi. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo imaima paliponse pamene munthu wakweza mkono. Ulendo wotere sukwana m'masiku awiri. Umadya Lachisanu, umadyanso Lolemba. Ana a Fomu 4 amatsala ndi ntchito yolembedwa pabolodi, kapitawo wa kalasi nasanduka mphunzitsi. Mphunzitsi wamkulu, amene angamulembere kalata Mmalawi wojomba tsiku limodzi, amangomwetulira n'kufunsa ngati nyanja inali bwino. Mabungwe akuluakulu ali ndi malamulo a tchuthi, koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe siligwira ntchito pasukulu imene mkulu wake amachita mantha kudzudzula mzungu.

Ena salowera kum'mawa, amalowera kumadzulo. Kuchoka pa boma kufika pachipata cha Mwami ndi kanthawi kochepa, ndipo chiyambire Disembala 2022 pamene maofesi a mayiko awiriwa anaphatikizidwa pamalo amodzi, kudutsa kunaphweka. Chipata ili pafupi, ndi masitolo ake aakulu. Kupitirira apo ndi ku Mfuwe, ku South Luangwa, kumene munthu amaona njovu ndi akambuku atakhala pagalimoto yopanda denga. Pomatha zaka ziwiri mlendo wathu wakwera Sapitwa pa Mulanje, wayenda pa Nyika, wagona pa Ilala, waona mathithi a Victoria ku Livingstone, mwina wafika ndi ku Zanzibar komwe. Ana amene amawaphunzitsa amajambula mapu a Nyanja ya Malawi m'makope, naloweza kuya kwake, koma ambiri a iwo madzi aakulu amene anawaonapo ndi a mtsinje wa Bua ukasefukira. Mphunzitsi mnzake wa jogalafe amaphunzitsa za zithunzi za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO inazizindikira mu 2006, koma sanapondeko ku Dedza kukaziona. Loweruka lake limathera m'munda wa mtedza ndi soya, chifukwa malipiro okha safika pa 15.

Malire omwewa amatiphunzitsa chinthu china. Mlendo amadutsa ndi kabuku kake kamene kamatsegula zitseko pafupifupi kulikonse. Nanga tikatembenuza ulendo? Mu Ogasiti 2025 boma la America linalamula kuti Amalawi ndi Azambia ofuna chilolezo chokacheza kumeneko azisungitsa chikole chofika mpaka madola 15,000. Tangoganizani mphunzitsi wa ku Mchinji atanena kuti akufuna kupita ku Ohio kukaphunzitsa ana mongodzipereka, alibe pepala la uphunzitsi la kumeneko, ndipo Lachisanu lililonse azikaona malo. Sangafike ndi pachipata cha sukulu pomwe. Iwo amateteza ana awo, ndipo akuchita bwino. Funso langa n'lakuti ife ana athu timawateteza liti?

Chimene chimandiwawa kwambiri pa maulendo amenewa n'chakuti mlendo amachoka pamudzi tsiku limene mudziwo umakhala mudzi. Mkati mwa mlungu amaona ana ovala yunifolomu, okhala chete, oopa kulakwa. Loweruka ndi pamene pali ukwati, chinamwali, kumanga ziliza, mpira wa pakati pa midzi, gule pabwalo, ingoma ya Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni. Ndi pamene akanamuona mtsikana wosayankhula m'kalasi uja akutsogolera nyimbo, kapena mnyamata wogona m'kalasi uja akusoka fodya mpaka usiku. Akanamvetsa chifukwa chimene homuweki sinalembedwe. Akanamvanso Chichewa cha kumalire, chothira Chinsenga, chimene sichili m'buku limene anamuphunzitsira. Kungowoloka malire omwewo, mu Febuluwale kumakhala Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo mu Ogasiti Achewa a m'mayiko atatu amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Makolo a ana ake amapita kumeneko pamalole. Koma mlendo amene amadziwa dzina la mbalame iliyonse ya ku Luangwa nthawi zina amabwerera kwawo osadziwa mfunda wa mnzake woyandikana naye nyumba.

Palinso gulu lina limene sindilipatsa ulemu ngakhale pang'ono. Awa ndi obwera kwa milungu itatu kapena inayi, olipira kampani kwawo kuti adzaphunzitse ku Africa pa tchuthi. Mu 2006 dzina la Mchinji linamveka padziko lonse pamene woimba Madonna anatenga mwana pamalo ena osungira ana amasiye m'boma lino, ndipo kwa anthu ambiri akunja Mchinji anasanduka chithunzi cha ana oyembekeza mpulumutsi. Obwera milungu itatuwa amadzafuna chithunzi chomwecho. Amaimbitsa ana nyimbo, amagawa maswiti ndi mapensulo, amajambulitsa atanyamula mwana wa eni, kenako ulendo wa kunyanja. Silabasi yaima, ndipo wotsala ayenera kuthamanga kuti abweze milungu yotayika. Uku si kuphunzitsa. Ndi kuona malo, ndipo malo oonedwawo ndi ana athu.

Wina anena kuti: nanga sukulu imene ili ndi aphunzitsi asanu pa makalasi anayi ikane bwanji dzanja laulere? Funsoli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Pamene malo a MCDE anasandutsidwa sukulu zoyendera mu 1998, ana ochuluka a maphunziro aulere a 1994 ali m'njira, sukuluzi zinayamba ndi aphunzitsi a pulayimale obwerekedwa, zopanda mabuku, zopanda nyumba. Njala ya aphunzitsi ndi yeniyeni. Koma dzanja laulere lili ndi mtengo wake wobisika. Malo amene mlendo waima amaoneka odzaza, ndipo amene amagawa aphunzitsi sathamangira kutumiza wina. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka, ndipo likapanda kuthyoka mwini wake amadzalitenga dzuwa lili pamutu. Tinaziona mu Malichi 2020. Matenda a COVID-19 atavuta, Peace Corps inabweza kwawo anthu ake onse padziko lapansi, pafupifupi 7,000, m'masiku owerengeka. Sindikuwaimba mlandu, boma lililonse limateteza nzika zake. Koma sukulu zitatsegulidwanso mu Seputembala chaka chomwecho, amene anatola choko ndi mphunzitsi yemwe uja wa njinga ndi nyumba ya lendi.

Winanso anena kuti aphunzitsi athu nawo amajomba, amathera masiku pamzere wa banki, ena amaledzera. Ndi zoona, ndipo woteroyo alangidwe. Koma kulakwa kwa mwana wa pakhomo sikuchiritsidwa pomulanda munda n'kupatsa wodutsa. Kumachiritsidwa pomulipira pa nthawi yake, kumupatsa nyumba, kumuyendera, ndi kumuchotsa ngati wakanika.

Alendo abwino alipo, ndipo ndi amene amanditsimikizira kuti zimene ndikunenazi n'zotheka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Jack Allison wa Peace Corps anaphunzira Chichewa mpaka kupeka nyimbo zaumoyo, ndipo ya Ufa wa Mtedza inamveka pa wayilesi dziko lonse. Anafika kwa anthu kudzera m'chiyankhulo chawo. Inenso ndinagwirapo ntchito ndi mtsikana wina amene atapatsidwa Fomu 4 anakana yekha. Anapempha kuti azikhala kumbuyo kwa kalasi kwa teremu yathunthu, kuonerera ndi kulemba. Pambuyo pake tinkagawana phunziro: ine malamulo a chiyankhulo ndi mafunso a mayeso, iye kuyankhulitsa ana, masewero ndi mtsutso. Loweruka ankatsegula kachipinda ka mabuku. Kunyanja ankapita pa tchuthi cha teremu, monga wina aliyense. Atachoka palibe chimene chinagwa, chifukwa palibe chimene chinatsamira pa iye yekha. Kalumo kakuthwa kaja ndi kameneka.

Choncho pempho langa kwa a unduna, kwa oyang'anira maphunziro ndi kwa aphunzitsi aakulu ndi ili. Mlendo wopanda maphunziro a uphunzitsi asapatsidwe yekha kalasi lolemba mayeso. Aziphunzitsa pambali pa mwini phunziro. Asawerengedwe pa chiwerengero cha aphunzitsi a pasukulu, kuti mpata uzioneka kuti ndi mpata. Buku losainira m'mawa likhale limodzi kwa onse, ndipo Lachisanu ndi Lolemba akhale masiku a ntchito kwa woyera ndi wakuda yemwe. Obwera milungu itatu alandiridwe ndi ulemu, amwe thobwa, aone sukulu, koma choko asachigwire. Komiti imene yatha kukonzera mlendo nyumba ikonzerenso mphunzitsi amene adzakalambire pomwepo. Ndipo mabungwe otumiza anthu, ngati alidi abwenzi, aganizire kuti ndalama zosungira mlendo mmodzi kwa zaka ziwiri zingalipire aphunzitsi angati a Chimalawi amene ali pakhomo ndi madipuloma awo.

Kwa inu alendo athu, takulandirani ndi manja awiri monga mwa nthawi zonse. Pitani mukaone nyanja, ndi yokongoladi. Koma Loweruka lina khalani pamudzi, mupite kumaliro, mukhale pansi ndi amayi kapena pansi pa mtengo ndi abambo. Ndipo tsiku lina mukafuna ulendo, gwirizanani ndi aphunzitsi anzanu mupeze lole, munyamule ana a Fomu 3, nawonso akaione nyanja imene amaijambula m'makope.

Dziko limene latha zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi likudzilamulira siliyenera kumayembekezera ndege kuti ana ake aphunzire kulemba kalata yofunsira ntchito. Munda ndi wathu, ana ndi athu, ndipo osula makasu tili nawo. Tiwapatse chitsulo ndi makala.